Tonse awiri ndife a Banda: kodi ndife pachibale?

Mayi wina amene akukhala ku Johannesburg watilembera kalata yomwe tayifupikitsa motere: "Ndine wa zaka 29, kwathu ndi ku Dedza. Dzina la bambo anga, lomwe lili pa chiphaso changa, ndi Banda, pomwe mayi anga ndi Naphiri. Ndapeza mwamuna woti timange naye banja, koma nayenso ndi Banda, wa ku Chintheche m'boma la Nkhata Bay. Azakhali anga akuti zimenezi ndi malaulo chifukwa munthuyo ndi mlongo wanga. Kuwonjezera apo, mwini sitolo imene ndimagwirako ntchito, yemwe kwawo ndi ku Pakistan, anandiuza kuti m'chilankhulo chawo banda ndi kapolo, ndipo anzanga olankhula Chisutu amaseka akamva dzina la mayi anga, ati phiri ndi fisi. Kodi dzina langali limatanthauza chiyani kwenikweni? Nanga ukwatiwu ndiuleke?"

Anabanda, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Ndayamba ndi kukuitanani Anabanda, ngakhale kuti tikamafika pakati pa yankholi muona kuti agogo anu akuchikazi akanatha kukuitanani ndi dzina lina. Choyamba mtima ukhale m'malo. Pa zaka zambiri zimene ndakhala ndikuphunzitsa Chichewa ndi kucheza ndi akuluakulu a m'midzi pa nkhani ya maina, funso ngati lanuli ndalimva kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri anthu awiri a dzina limodzi ochokera m'maboma otalikirana amapezeka kuti alibe ubale wa magazi umene munthu angauloze. Komabe sindikuuzani kuti mawu a azakhali anu muwataye kunkhongo, chifukwa ali ndi maziko ake, ndipo pali chinthu chimodzi choopsa chimene muyenera kuchifufuza musanapite patali.

Tiyambe ndi mawu wamba tisanafike pa maina a anthu. M'Chichewa muli mawu ambiri amene amalembedwa mofanana koma akunena zinthu zosiyana. Mtengo ndi chomera chimene timadulako nkhuni, komanso mtengo ndi ndalama zimene wogulitsa akufuna pa katundu wake. Khungu ndi chikopa cha munthu, komanso khungu ndi kusaona. Polankhula timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka liwu, koma polemba kusiyanako sikuoneka, chifukwa kalembedwe kathu ka masiku onse sikaika zizindikiro za kukwera ndi kutsika kwa mawu. Palinso gulu lina la mawu amene ndi liwu limodzi ndithu koma linachita nthambi. Mtundu ungakhale wa anthu, wa nsalu kapena wa mbewu, ndipo mukaganiza bwino muona kuti ponseponse akunena za zinthu zofanana zimene zaikidwa pamodzi. Mbiri ingakhale nkhani ya makolo, kutchuka kwa munthu kapena mphekesera imene yawanda m'mudzi, koma zonsezo ndi zinthu zimene anthu akukamba. Choncho tikakumana ndi mawu awiri ofanana, funso loyamba limakhala lakuti: kodi awa ndi ana a mayi mmodzi, kapena ndi alendo amene angokumana pa mphambano atavala malaya ofanana?

Bwana wanu wa ku Pakistan sananame, koma ananena za mlendo wa malaya ofanana. Mu Chiperezi muli liwu lakuti banda lotanthauza kapolo kapena mtumiki, ndipo linalowa m'zilankhulo za Urdu, Hindi ndi Punjabi. Kumeneko silikhala lonyoza nthawi zonse, chifukwa wopembedza amadzitcha banda wa Mulungu, ndipo m'kuyankhula kwa masiku ano limangotanthauza munthu kapena mnyamata wina wake. Mtsogoleri wankhondo wa Asikh, Banda Singh Bahadur, amene anaphedwa ku Delhi mu 1716, anadziwika ndi dzinali chifukwa chodzipereka ngati mtumiki wa mphunzitsi wake wa chipembedzo, Guru Gobind Singh. Zonsezi ndi zoona, koma zilibe njira iliyonse yofikira ku Dedza. Mukapita kwa olankhula Chiswahili, banda ndi chisakasa kapena shedi, ndipo kanyumba kakang'ono kogulitsiramo zinthu ndi kibanda. Kwa Apwitikizi, ngakhale anansi athu a ku Tete amene amalankhula Chipwitikizi, banda ndi gulu la oimba kapenanso mbali ya chinthu. Ku Indonesia kuli zilumba za Banda, komanso mzinda wa Banda Aceh umene unasakazidwa ndi mafunde aakulu a m'nyanja mu Disembala 2004. Ku Central African Republic kuli mtundu waukulu wa anthu otchedwa Banda, amene chilankhulo chawo sichili m'gulu la zilankhulo za Bantu ngati chathu. Ku Sri Lanka nakonso ndi dzina la amuna, moti pulezidenti wawo wa 1993 mpaka 1994 anali Dingiri Banda Wijetunga. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: liwuli ndi lalifupi, la maphatikizo awiri okha, ndipo malembo ake ndi amene pakamwa pa munthu wa mtundu uliwonse pamatulutsa mosavuta. Zikanakhala zodabwitsa likanapezeka kwathu kokha.

Za anzanu Achisutu ndi chimodzimodzi. M'Chisutu ndi m'Chitswana phiri ndi fisi, ndipo ku Soweto komweko kuli dera lotchedwa Phiri. Kwa ife phiri ndi Dedza, Mulanje kapena Bunda. Asiyeni aseke, inunso mukhoza kuseka nawo, chifukwa mayi anu sakukhudzidwa. Maina ena a kwathu ali ndi nkhani yofananayo. Moyo kwa ife ndi kukhala ndi mpweya, pomwe kwa Ashona ndi Aswahili ndi mtima, ndipo ku Zimbabwe ndi mfunda (chiwongo) waukulu wogwirizana ndi Arozvi, gulu lina la Ashona. Apa mawuwo ndi apachibale ndithu, chifukwa zilankhulozi zinachokera ku tsinde limodzi, koma tanthauzo linapatukana m'njira. Tembo kwa Aswahili ndi njovu, pomwe kwa Ashona a mfunda wa Tembo nyama yawo ndi mbidzi. Munthu wa dzina la Tembo wa ku Nsanje kapena ku Mzimba akangotsegula dikishonale ya Chiswahili n'kuyamba kudzitcha njovu, ndiye kuti wafunsa njira kwa munthu wa dziko lina.

Tsono tibwere kwathu. Nkhani imene akuluakulu a Chichewa amakamba ndi yakuti pa ulendo wochokera ku Uluwa, dera la Aluba lomwe lero lili kum'mwera kwa Congo, gulu lina la anthu linagona pamwamba pa phiri, pomwe lina linagona m'munsi litagwetsa ndi kupondaponda udzu kuti lipeze pogona. Ogona pamwamba aja anatchedwa a Phiri, ndipo aja anabanda udzu anatchedwa a Banda. Ena amati izi zinachitikira pamalo otchedwa Choma, ena amaziika pafupi ndi Kaphirintiwa ku Dzalanyama. Ngati mukufuna yankho lalifupi loti muziwauza anthu akakufunsani, ndi limeneli: kwa Achewa dzina lakuti Banda amaligwirizanitsa ndi mneni kubanda, kutanthauza kugwetsa kapena kusalaza udzu.

Ine nkhaniyi ndimaikonda, koma sindiitenga ngati lipoti la zimene zinachitika usiku umodzi. Nkhani zotere makolo ankazisunga pofuna kufotokoza mmene magulu a anthu akhalira limodzi, ndipo iyi ikufotokoza bwino kwambiri. Wina ali pamwamba, wina ali pansi pokhudzana ndi nthaka. Mukayang'ana mmene ufumu wa Amaravi unkayendera, muona chithunzi chomwecho. Kalonga, amene likulu lake linali ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka m'boma lanu lomwelo la Dedza, ankachokera ku mfunda wa Phiri, ndipo mayi wa ufumuwo, amene udindo wake unkatchedwa Nyangu, analinso wa Phiri. Koma mkazi wamwambo wa Kalonga, wotchedwa Mwali, ankachokera kwa a Banda. Za mvula, za nsembe ndi za chonde cha nthaka zinali m'manja mwa a Banda, ndipo Makewana, mayi wotsogolera zopempha mvula pa kachisi wa ku Msinja, amawerengedwa ku mbali imeneyi. Akatswiri ambiri a mbiri yakale amaona kuti a Banda ndiwo anayamba kufika m'dziko muno, ndipo a Phiri anabwera pambuyo ndi dongosolo la ufumu, kenaka magulu awiriwa analumikizana mwa maukwati. Choncho tanthauzo lachiwiri la dzina lanu, lomwe kwa ine ndi lolemera kuposa la udzu lija, ndi udindo: eni nthaka, opempha mvula, amene ufumu sunkatha kuyenda popanda iwo. Poona zimenezi, mawu akuti kapolo ali kutali kwambiri ndi dzinali.

Ndichenjezepo pang'ono za chizolowezi chimene ndimachiona ngakhale pakati pa ophunzira bwino, chongotola liwu lililonse lokhala ndi malembo ofanana n'kulimata pa dzina. Ndinamvapo munthu akunena monyoza kuti a Banda ndi anthu a umbanda, winanso akunena monyadira kuti ndi anthu a m'bandakucha, olawirira ku ntchito. Onse awiri ankangosewera ndi mawu. Kuseleulana kotere kuli ndi malo ake, makamaka pakati pa a Phiri ndi a Banda amene amatengana ngati asuweni, koma sikufotokoza chiyambi cha dzina.

Tsopano tifike pa mfundo imene ikukhudza ukwati wanu, ndipo apa ndikhalitsapo. Chimene lero timachilemba pa chiphaso ngati dzina la bambo, makolo athu sankachidziwa m'njira imeneyo. Iwo anali ndi mfunda, umene ena amautcha chiwongo, liwu limene linafala ndi Angoni. Mfunda sunali dzina lolembetsera, unali dzina laulemu loitanira munthu wamkulu, lothokozera ndi lodziwira mbali imene munthu akuchokera. N'chifukwa chake mayi amatchedwa Nabanda, Naphiri, Nambewe kapena Nankhoma, ndipo kumpoto amati Nyabanda kapena Nyaphiri. Pa chikhalidwe chakale cha Achewa, mwana ndi wa kuchikazi. Amawerengedwa m'bele la mayi ake, mwini mbumba ndi malume ake, ndipo mfunda unkatsata mayi. Mwa kawerengedwe kameneko inu ndinu Naphiri, mwana wa a Banda. Zinthu zinayamba kusintha Angoni atafika. Gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi mu Novembala 1835, ndipo Angoni a Maseko anadzakhazikika m'madera a Dedza ndi Ntcheu. Iwowa amatsata kuchimuna, ndipo m'madera amene anakhala pamodzi ndi Achewa, anthu ambiri anayamba kutenga mfunda wa bambo pomwe malo, ufumu ndi unkhoswe zinapitirira kutsata kuchikazi. Kenaka amishoni, aphunzitsi ndi akalaliki a boma la atsamunda anabwera ndi mabuku awo okhala ndi danga limodzi lokha la dzina la banja, ndipo iwo ankayembekezera dzina la bambo.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha atsogoleri odziwika a dzina lanuli. Dr. Hastings Kamuzu Banda wa ku Kasungu anatenga Banda kwa bambo ake, pomwe mayi ake anali a Phiri, ndipo malume ake anali Mbusa Hanock Msokera Phiri. Mwa kawerengedwe kakale iyenso akanakhala Phiri, monga inu. Dr. Joyce Banda, amene analamulira Malawi kuyambira 2012 mpaka 2014, anabadwa ali Joyce Mtila ku Zomba, ndipo dzina la Banda analitenga pokwatiwa ndi Richard Banda, yemwe anakhalapo mkulu wa oweruza milandu. Rupiah Banda, pulezidenti wa Zambia kuyambira 2008 mpaka 2011, anabadwira ku Gwanda m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe mu 1937, makolo ake atapita kumeneko kukafuna ntchito. Aleke Banda, nduna yodziwika ya nthawi ya Kamuzu, kwawo kunali ku Nkhata Bay ndipo sanali mbale wake wa Kamuzu, ngakhale kuti alendo ambiri ankaganiza choncho. Anthu anayi, dzina limodzi, koma aliyense linamufika podzera njira yake.

Njira zina n'zosayembekezeka kuposa pamenepa. M'nthawi ya nkhondo ndi ukapolo, anthu ogwidwa kapena othawira m'mudzi wa eni ake ankatha kutenga mfunda wa amene awasunga. M'nthawi ya Wenela ndi Mthandizi, pamene amuna ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku mafamu a ku Rhodesia, ena ankalembetsa ndi dzina losavuta kwa kalaliki, ena ankayenda ndi chitupa cha mbale kapena mnzawo, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka kwa zidzukulu. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene a Banda ndi a Phiri achulukira ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Ndiye palinso nkhani ya sukulu. Pamene malo a ku sekondale anali ochepa kwambiri, ana ambiri obwereza Sitandade 8 ankasintha dzina kuti aoneke ngati akulemba mayeso koyamba. Ndinaphunzitsapo mnyamata wina amene m'kaundula anali Banda, koma tsiku lina bambo ake atabwera kudzamuona anatchula dzina lina lomwe palibe mphunzitsi ankalidziwa. Titafunsitsa, zinapezeka kuti Banda linali dzina la mlamu wa mayi ake, limene anabwereka chaka chimene analemba mayeso kachitatu. Mnyamatayo lero ndi bambo, ndipo ana ake onse ndi a Banda pa mapepala, pomwe m'magazi mwawo mulibe Banda ndi mmodzi yemwe.

Nanga a Banda a ku Nkhata Bay? Pakati pa Atonga dzinali ndi lofala, pamodzi ndi Phiri, Chirwa, Manda ndi ena. Mbiri ya Atonga eni ake imanena kuti mtunduwu unapangidwa ndi magulu ochokera mbali zosiyanasiyana, ndipo ena mwa maguluwo, monga a Phiri a kwa Kabunduli ndi a Kapunda Banda, amalozera ku dziko la Achewa. Choncho sindinganene kuti Banda wa ku Chintheche ndi Banda wa ku Dedza ndi alendo ongofanana malaya ngati uja wa ku Pakistan. Dzinalo likhoza kukhala lochokera ku tsinde limodzi. Koma tsinde limenelo lili zaka mazana angapo kumbuyoku, mibadwo yoposa khumi, ndipo pa mtunda wotere pafupifupi aliyense wa m'chigawo chapakati ndi mbale wa mnzake mwa njira ina.

Azakhali anu akuimira lamulo lenileni la makolo, lakuti anthu a mfunda umodzi asakwatirane. Lamuloli linali lanzeru pa nthawi yake. Midzi inali ing'onoing'ono, kunalibe zolembera, ndipo munthu wa mfunda wako wokhala tsidya la dambo nthawi zambiri analidi wa bele lako. Mfunda unali ngati chizindikiro chochenjeza kuti ima kaye, funsa. Lamuloli linkathandizanso kuti mabanja azilumikizana ndi anthu ena m'malo modzitsekera okha. Koma onani kuti azakhali anu, pokhala mlongo wa bambo anu, akuwerenga motsata kuchimuna, pomwe amene ali ndi mawu omaliza pa ukwati wa mwana wamkazi wa Chichewa ndi malume ake, amene kwa inu ndi a Phiri. Sindikunena izi kuti mukawayankhe nazo azakhaliwo mwamwano, chifukwa mukatero mudzawina mtsutso n'kuluza azakhali. Ndikunena kuti mudziwe kuti ngakhale mkati mwa mwambo womwewo nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri.

Pali chinthu china chimene chimandichititsa chidwi pa mwambo wathu. Makolo omwewo amene ankaletsa ukwati wa mfunda umodzi ankalola, nthawi zina n'kulimbikitsa, ukwati wa pachisuweni, wa mwana wa malume ndi mwana wa azakhali. Asuweni amakhala a mfunda wosiyana, koma m'magazi ali pafupi kwambiri, chifukwa agogo awo ndi amodzi. Izi zikuonetsa kuti mfunda sunali muyeso wa kuyandikana kwa magazi monga mmene achipatala amawerengera lero. Unali muyeso wa mbali imene munthu ali. Munthu wa dzina losiyana ndi lanu akhoza kukhala mbale wanu wapafupi, ndipo wa dzina lofanana akhoza kukhala mlendo weniweni.

Apa ndi pamene pali choopsa chimene ndinatchula poyamba. Ngozi yeniyeni m'maukwati a masiku ano si ya kholo la zaka 300 zapitazo, koma ya bambo kapena agogo aamuna amene anayendayenda. Amuna a ku Nkhata Bay ndi ena mwa amene anayamba kale kwambiri kupita kunja kukagwira ntchito, ndipo a ku Dedza nawonso anapita ambiri. Aphunzitsi, apolisi, asilikali, asodzi ndi madalaivala ankasamutsidwa kapena kusamuka okha, ndipo ena anasiya ana m'maboma amene anadutsamo popanda kuuza a kwawo. Ndinakhalapo pa zokambirana za banja lina pamene zinaululika, chinkhoswe chitatsala pang'ono, kuti bambo a mnyamata ndi bambo a mtsikana anali ana a munthu mmodzi amene anagwirapo ntchito m'maboma awiri. Chimene chinawapulumutsa ndi gogo wina amene anakumbukira dzina lachibwana la munthuyo. Choncho kufanana kwa dzina kutengeni monga mmene makolo ankakutengera, ngati chifukwa chofunsira mafunso.

Mafunsowo akhale otere. Aliyense wa inu alembe maina a agogo ake anayi, ndipo ngati n'kotheka a makolo a agogowo, pamodzi ndi mudzi, nyakwawa ndi mfumu yaikulu ya aliyense. Musakhutire ndi dzina la m'chiphaso; funsani dzina lachibwana, dzina la kuchinamwali kapena kudambwe ngati banja lingalole kulitchula, dzina la ubatizo ndi dzina limene munthuyo ankadziwika nalo ku ntchito, chifukwa munthu mmodzi ankatha kukhala ndi maina anayi. Funsani kumene aliyense anagwirako ntchito ndi kumene anaikidwa, popeza manda sanama za kwawo kwa munthu. Kwa bwenzi lanulo funso lalikulu ndi lakuti Banda wakeyo anachokera kwa yani: kwa bambo, kwa mayi, kwa bambo omupeza, kapena kwa amene anamulipirira sukulu. Inunso mufunse chimodzimodzi za bambo anu. Mukhoza kupeza kuti mmodzi wa inu si Banda n'komwe mwa mfunda, ndipo nkhani yonse n'kuthera pomwepo.

Mukasonkhanitsa zimenezi, ntchito yotsala ndi ya ankhoswe, osati ya inu awiri pa foni. Malume anu akumane ndi akuluakulu a kuchimuna, ndipo azakhali anu aitanidwe kuti amve okha mibadwo ikuwerengedwa. Ngati mizere iwiriyo sikukumana paliponse m'mibadwo inayi kapena isanu, mabanja ambiri masiku ano amavomereza, ndipo maukwati a Banda ndi Nabanda kapena Phiri ndi Naphiri alipo ochuluka m'matauni ndi m'midzi momwe. Ngati ikukumana patali, chigamulo chimakhala cha mabanja awiriwo malinga ndi mwambo wawo, ndipo ena amakhala ndi kachitidwe kawo kothetsera ubale wotere, kamene akuluakulu a kwanu ndiwo angakuuzeni. Ngati ikukumana pafupi, monga pa gogo mmodzi, imani kaye ndipo mufunse uphungu kwa a zamalamulo ndi achipatala. Lamulo la maukwati la Malawi la 2015 limaletsa ukwati pakati pa achibale ena apafupi, ndipo limayang'ana ubale weniweni, osati kufanana kwa dzina. Mipingo yambiri nayonso imalengeza ukwati milungu ingapo usanachitike kuti wodziwa chifukwa choletsa anene, choncho ndi bwino kuti chilengezocho chikamvekenso ku mipingo ya kumudzi kwa nonse awiri, osati ku Johannesburg kokha kumene palibe akudziwa agogo anu.

Ena angakuuzeni kuti mungoyezetsa DNA. Kuyezetsa kotere kumathandiza pamene pali kukayikira kwenikweni kwa ubale wapafupi, monga ngati mukuganiza kuti bambo anu ndi bambo ake ndi pachibale, ndipo ku South Africa malo oyezera alipo. Koma sikungakuuzeni mfunda wanu, chifukwa mfunda suli m'magazi, uli m'kawerengedwe ka anthu. Chimene ndingalimbikitse kwa aliyense wofuna kulowa m'banja, kaya maina ndi ofanana kaya ayi, ndi kukayezetsa magazi kuchipatala, kuphatikizapo kuona ngati nonse awiri muli ndi chibadwa cha matenda a sickle cell, amene mwana angawatenge ngati makolo onse awiri ali nacho. Masamba a pa intaneti amene amalonjeza kukuuzani tanthauzo la dzina lanu asamaleni nawo, chifukwa ambiri amasakaniza Banda wa ku Spain, wa ku India ndi wa ku Malawi m'ndime imodzi, ena mpaka kukugulitsani chithunzi cha chishango cha banja chimene agogo anu sanachionepo.

Ankhoswe akakumana, asaiwale nkhani ya ana. Kwanu ana amawerengedwa kuchikazi, pomwe mabanja ambiri a kumpoto amapereka malowolo ndipo amayembekezera kuti ana akhale a kuchimuna. Popeza nonse ndinu a Banda pa mapepala, kusiyana kumeneku kukhoza kubisala mpaka tsiku la maliro kapena la kugawa malo, pamene mbali iliyonse idzanene kuti anawo ndi ake. Ndi bwino kuzikambirana poyera pa chinkhoswe, pali mboni.

Ngati kufufuza kwa m'banja kwafika pothera koma mafunso akadalipo, pitani kwa nyakwawa ndi kwa mfumu yaikulu ya dera lanu, chifukwa nduna zawo zimasunga mibadwo ya mabanja pa nkhani za malo ndi ufumu. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati a m'mishoni zakale amathandizanso kwambiri, ndipo ku dera la bwenzi lanu kuli Bandawe, kumene amishoni a Livingstonia anakhazikika mu 1881. Zolembedwa zakale za boma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo wofuna kumvetsa za mifunda ya Achewa ndi Angoni akhoza kukaona nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Kungoni ku Mua, komwe ndi m'boma lanu lomwe. Mukapeza kuti dzina la pa chiphaso cha mmodzi wa inu ndi lobwereka ndipo likusiyana ndi la pa masatifiketi kapena pa pasipoti, musalikonze mwa njira zachidule. Funsani ku National Registration Bureau kapena kwa loya musanalembetse ukwati, makamaka popeza mukukhala kunja kumene kusiyana kwa dzina pa mapepala kumavutitsa.

Poyambira penipeni ndi pa mayi wamkulu kwambiri amene watsala m'bele la mayi anu, kenaka wa m'bele la bambo anu. Muwaimbire kapena mutume munthu wodekha akakhale nawo pakhonde, ndipo awajambule mawu pa foni ngati avomera, chifukwa maina amene adzatchule simungawasunge onse pamtima. Musawafunse kuti dzina la banja lathu ndi ndani, chifukwa adzakuuzani la m'chiphaso poganiza kuti ndi limene mukufuna. Afunseni kuti, "Agogo, mfunda wathu ndi chiyani, nanga amayi anu ankawathokoza kuti chiyani akawapatsa madzi akumwa?" Bwenzi lanulo akachitenso chimodzimodzi ku Chintheche, kenaka mayankho onsewo muwapereke kwa malume anu asanakumane ndi azakhali.